Mmene mungasungire makope a maulaliki a abusa akale

Abusa athu atapuma ntchito n'kubwerera kwawo ku Dowa, anatisiyira katoni ya makope kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Munali maulaliki a zaka zambiri, olembedwa pamanja, ena m'makope wamba a ana asukulu. Anali munthu wosathamanga polankhula, ndipo vesi limodzi ankatha kulitafuna Lamulungu lonse. Ndinatha miyezi ndikukonza makopewo, pena n'kumalakwitsa. Ngati mpingo wanu ku Highfield kapena ku Mabvuku uli ndi katoni yotere, chitani motere.

Yambani mwapempha kwa eni ake. Ngati adatisiya, pitani kwa amayi busa kapena kwa ana awo. Akakulolani, werengani nokha kaye tsamba lililonse musanaonetse munthu, chifukwa abusa salemba maulaliki okha. Pakati pa Yesaya ndi Aroma mupeza mayina a mabanja amene ankayanjanitsidwa ndi milandu yokambidwa ndi akulu ampingo. Masamba amenewo apatuleni, abwerere kubanja. Asafike pa gulu la WhatsApp ngakhale mwangozi.

Chotsani katoniyo pansi. Dzinja la kuno, kuyambira November mpaka March, chinyezi chimakwera ndi simenti, ndipo chiswe sichichedwa kumva. Zulani timapini tonse tadzimbiri. Tsamba long'ambika musalimate ndi selotepi: ine ndinatero pa kope loyamba, ndiye pomata paja panachita chikasu, inki n'kumatirira kutepi. Lisiyeni choncho, muliike pakati pa mapepala awiri oyera. Manambala a masamba lembani ndi pensulo pakona.

Jambulani ndi foni m'mawa pafupi ndi zenera, osayatsa kuwala kwa kamera. Chithunzi chilichonse chitchuleni ndi vesi lake, monga Yohane 15 kapena Salmo 23, kuti musadzavutike pofufuza.

Ntchito yeniyeni ili potayipa, ndipo apa mpamene ambiri amawonongera. Mtima umafuna kuwakonzera abusa Chichewa chawo. Musatero. Athuwa ankalemba “cikondi” ndi “cikhulupiriro” popanda h, kutsata kalembedwe ka m'Buku Lopatulika la 1922 limene adakula nalo. Mdzukulu wanga, amene anandithandiza pa kompyuta, anaika h paliponse, ndipo nditawerenga ndinangomva ngati akulalikira mlendo. Tinabwezeretsa zonse. Chimodzimodzinso mavesi: Buku Lopatulika limati Yehova pamene Buku Loyera la 1998 limati Chauta. Khalani ndi Baibulo limene iwo ankagwiritsa ntchito pambali panu, apo ayi mudzaganiza kuti adaphonya vesi pamene munaphonya ndinu.

Samalaninso ndi tomwe adalemba m'mphepete. Mpingo wathu udayamba ndi agogo amene adabwera kudzagwira ntchito kuno kukadali Salisbury, koma zidzukulu zawo zikulankhula Chishona, ndiye abusa ankadzilembera mawu a Chishona oti adzatchulire achinyamata. Pa fanizo la Msamariya ndinapeza mawu akuti “tsitsi” atawazunguliza kawiri. Ndinakhala madzulo onse ndikudabwa kuti za m'mutu zalowa bwanji pa msewu wa ku Yeriko, chonsecho pa Chishona tsitsi ndi chifundo, ndipo ndimamva mawuwo tsiku ndi tsiku. Mawu otere asiyeni pomwe ali, tanthauzo muliike pansi pa tsamba. Pamene dzanja lawo lakukanikani, ikani madontho, mukafunse akulu ampingo amene adaumva ulalikiwo. Amayi a Chigwirizano anandimasulira mizere yambiri, ena mpaka kukumbukira nyimbo imene inaimbidwa tsiku lomwelo.

Mukamaliza, zithunzi ndi zotayipa zikhale malo atatu: pa kompyuta, pa imelo yanu, ndi zosindikiza mu ofesi ya mpingo. Makope enieniwo ndi a banja. Athu tinawakulunga mu pulasitiki, tinapatsira mkulu wampingo wina amene amapita kumaliro ku Lilongwe pa basi yodzera ku Nyamapanda ndi Tete.