Mmene mungakhazikitsire chizolowezi choti chisathere mu Januwale

Chaka chikamayamba malonjezo amachuluka: kuthamanga m'mawa, kusunga ndalama, kusiya mowa. Pofika pakati pa Febuluwale zonse zazirala. Kawirikawiri munthu amakhala wasankha chochita koma sanasankhe nthawi ndi malo ake, ndiye tsiku lililonse amayambanso kudzifunsa kuti achite liti, mpaka tsiku latha.

Sankhani chinthu chimodzi chokha, chaching'ono moti mungachikwanitse ngakhale mutadzuka ndi thupi lolemera. Mawu oti "ndiyamba kulimbitsa thupi" sakuuzani chochita mawa m'mawa. Koma mukati "ndizitsika minibasi pa Ginnery Corner n'kuyenda wapansi mpaka m'tauni", mwatchula malo ndi ntchito yake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa munthu wamkulu kulimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, zomwe ndi mphindi 30 kwa masiku asanu. Kumeneko ndi kofikira. Poyambira, mphindi 10 zakwana.

Kenako chimangirireni ku chinthu chomwe mumachita kale tsiku ndi tsiku. Katswiri wa zamaganizo Peter Gollwitzer anaonetsa kuti anthu omwe amaneneratu kuti "zakuti zikachitika, ndichita chakuti" amakwaniritsa zolinga zawo kuposa omwe amangokhala ndi cholinga. Lembani chiganizo chanu papepala: "Ndikamaliza kutsuka mano usiku, ndiwerenga masamba awiri." Kapena: "Malipiro akangolowa, ndisanagule kanthu, ndichotsa K10,000 ya kubanki m'khonde." Ndi bwino kudalira chochitika kusiyana ndi wotchi. Mukaika 6 koloko madzulo, tsiku lina nthawi imeneyo ikupezani mudakali pamzere wa magalimoto pa Chichiri, ndipo dongosolo lafera pomwepo. Kufika pakhomo n'kuvula nsapato kumachitika ndithu, kaya mwachedwa kaya mwafulumira.

Malo amene mumakhala akhale okuthandizani. Ngati mukufuna kuyenda m'mawa, nsapato ndi zovala zigone pafupi ndi chitseko. Ndalama yomwe mukuti mukusunga isakhale mu Airtel Money kapena Mpamba yomwe mumagulira bandulo, chifukwa ikathera mu tinthu ting'onoting'ono musanazindikire. Chipereganyu chimathandiza pa chifukwa chomwecho: ndalama yachoka m'manja, komanso pali anzanu omwe akuyembekezera, ndipo palibe amafuna kuchita manyazi pagulu. Chizolowezi choipa chichitireni zosiyana, chiikireni zopinga. Ngati njira yochokera pasiteji imadutsa pabala pomwe anzanu amakuitanani, tsikirani siteji ina. Ngati mukuchepetsa mchere, womwe WHO imati usafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni imodzi yaing'ono, chotsani mchere patebulo, uzingothiridwa pophika.

Nkhani yoti chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21 yagwetsa ulesi anthu ambiri. Kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake ku University College London, yemwe anatsatira anthu 96 kwa masabata 12, anapeza kuti pakatikati zimatenga masiku 66, ndipo malinga ndi munthu komanso chochitacho zimayambira masiku 18 mpaka 254. Zopepuka monga kumwa madzi zimakhazikika msanga kuposa zolimbitsa thupi. Choncho ngati mwezi watha koma mukudzikakamizabe, palibe chalakwika. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikuwononga zomwe mwamanga.

Chomwe chimapha chizolowezi ndi kuphonya kotsatizana, ndipo kuno zoyambitsa zake n'zodziwika. Mvula imayamba mu Novembala mpaka cha mu Epulo. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimachititsa kuti bulangete likome. Maliro akagwa mumapita kumudzi masiku angapo. Teremu ikamatsegulidwa fizi imadya ndalama yonse. Konzerani zimenezi zisanafike, pokhala ndi kamlingo kochepa koti muchite pa tsiku lovuta. Kukagwa mvula, tambasulani thupi m'nyumba mphindi zisanu. Mwezi wa fizi, sungani K1,000 m'malo mwa K10,000. Ndalamayo ndi yochepa, inde, koma mwambo wochotsa kanthu malipiro akalowa sunaduke. Mukaphonya, tsiku lotsatira chitani mlingo wa nthawi zonse, osawirikiza kuti mubweze ngongole, chifukwa kutero kumapangitsa ntchitoyo kuoneka ngati chilango.

Pachikani kalendala pomwe mumaiona ndipo muzichonga tsiku lililonse lomwe mwachita. Pakatha masabata awiri, werengani. Ngati masiku opanda chizindikiro achuluka, chepetsani mlingo ndi theka kapena sinthani chochitika chomwe mwamangirirako, chifukwa mwina chimabwera nthawi yomwe ana akufuna chakudya kapena mwatopa kale. Chizolowezi chachiwiri muchiyambe pokhapokha choyambacho mukuchichita musanayang'ane pakalendala.