Diso kaye, foni pambuyo: momwe wophunzira wa ku Kasungu angaphunzirire zojambula mpaka kupanga posita yakeyake

Pafupifupi sekondale iliyonse kuno ku Kasungu ili ndi mwana mmodzi amene anzake amamuthamangira pakafunika posita. Kaya ndi ya mpira wa makalasi, ya msonkhano wa SCOM kapena YCS, ngakhale ya disiko yotsekera teremu, amafunidwa ndi yemweyo. Ngati mwanayo ndinu, kapena mumasirira kukhala iyeyo, nkhaniyi ndi yanu.

Ambiri amayambira kumchira. Amagula bandulo, kutsitsa pulogalamu yopangira maposita ya Canva kapena PixelLab, n'kuyamba kuthiramo chilichonse chomwe chala chakhudza: mitundu isanu ndi umodzi, zilembo zopotanapotana, malawi a moto m'mbali. Posita ikatuluka, anthu n'kumafunsabe kuti, "Kodi zimenezi zichitika liti?" Pulogalamu ilibe mlandu. Chasowa ndi diso lodziwa chifukwa chake chinthu china chimakoka maso pomwe china chimangosokoneza. N'chifukwa chake m'ndondomekoyi foni ikubwera mochedwa, pachinayi.

Choyamba: phunzirani kuima pa chithunzi chimodzi

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife tinazolowera kupsepsa zithunzi ndi chala pa Facebook, kuti "chabhoo" kapena "chonyasa", n'kupitirira. Mphunzitsi wina wa zojambula wa ku America, Edmund Feldman, anaphunzitsa njira ya mafunso anayi, ndipo chinsinsi chake chili pa kusadumpha. Kodi ndikuona chiyani? Zakonzedwa bwanji? Zikunena chiyani? Pomaliza penipeni, kodi zatheka kapena ayi?

Tiyese ndi chinthu chomwe mumachiona m'mawa uliwonse pa asembule: mbendera. Mukuona mizere itatu yopingasa, yofanana kukula, wakuda pamwamba, wofiira pakati, wobiriwira pansi, ndipo pa wakudapo pali dzuwa lofiira lotuluka, la cheza 31. Musathamangire tanthauzo. Funsani kaye kuti diso lanu lagwera pati. Lagwera padzuwa, chifukwa ndi chinthu chokhacho chozungulira pakati pa mizere yowongoka. Kufiira kwake kukuyankhananso ndi mzere wapakati, ndiye dzuwalo silikuoneka ngati lobwereka. Apa tsopano tanthauzo libwere: kwacha, ufulu wa 1964.

Kenako funani chithunzi cha mbendera ya 2010, ya nthawi ya Bingu wa Mutharika, ija inachotsedwa mu 2012. Inali ndi wofiira pamwamba, wakuda pakati, ndi dzuwa loyera lathunthu pakatikati. Ndale zisiyeni pambali. Choyera pa chakuda chimaonekera patali kuposa chofiira pa chakuda, zimenezo n'zoona. Koma dzuwa lathunthu lokhala pakati lili phee, langokhazikika, pomwe la theka lija limaoneka ngati likukwera. Mitundu ya mizere ndi yomweyo, chasintha ndi malo ake ndi dzuwalo, koma mtima wa chithunzi wasinthiratu. Mukagwira mfundo imeneyi, theka la ntchito ya dizaini mwaligwira.

Chachiwiri: tulukani ndi kope

Simukufunika nyumba yoonetsera zithunzi ya ku London. Tengani kope lakale lotsala masamba, mupite pa boma, ku depoti ndi mumsika. Onani mitu yojambulidwa pa malo ometera ndi pa masaluni, zikwangwani za magolosale, mawu olembedwa kumbuyo kwa maminibasi. Olemba zikwangwani ndi burashi aja ndi aphunzitsi anu oyamba: amadziwa kuti wapakabaza akudutsa mothamanga sawerenga mawu khumi. Pa mzere wa zitenje, sankhani chimodzi muone pomwe maluwa ake akubwerezedwa, ndi mitundu ingati yomwe yagwiritsidwa ntchito. Pisani m'thumba muone K200 ija ya Rose Chibambo: nkhope mbali imodzi, nambala m'makona kuti ioneke ngakhale ndalama itapindidwa. Kumudzi, ku Santhe kapena ku Chulu, onani momwe amayi amazirira khonde ndi kukongoletsa chipupa ndi dothi la mitundu iwiri basi. Chilichonse chakukokani, chijambuleni mwachidule m'kope ndipo mulembe chiganizo chimodzi chonena chifukwa chake.

Sukulu ikakonza ulendo, limbikirani kuti upite ku Dedza. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira, zomwe zambiri ndi mizere ndi zozungulira, zinajambulidwa ndi Akafula. Zoyera ndi za Achewa, zopakidwa ndi chala ndi dothi loyera, ndipo zambiri n'zokhudza chinamwali ndi nyau. Taonani m'mene nyama yonse aifupikitsira kukhala thupi, miyendo yotambasuka ndi mchira, koma n'kuzindikirikabe. Ntchito ya logo ndi yomweyo: kuchotsa, kuchotsa, mpaka patsale zokhazo zosatheka kuchotsa. Ku Mua, m'boma lomwelo, kuli Kungoni, malo omwe bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndipo nyumba ya Chamare ili ndi zigoba zambiri za Gule Wamkulu. Kumeneko mudzaona kuti mtundu wa chigoba, kukula kwa maso ndi kutseguka kwa kamwa zimauza munthu khalidwe la gule asanavine n'komwe.

Chenjezo pang'ono, poti tili kwa Achewa. Gule si chokongoletsera posita ya disiko kapena ya malonda a mowa. Musajambule padambwe kapena pamwambo osapempha eni ake. Phunzirani luso lake, ulemu wake muusiye pomwe uli.

Chachitatu: mawu ndi pensulo

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa ntchito ya posita ya mpikisano wa makwaya. Lembani kaye mawu onse papepala, kenako muwapatse manambala. Nambala 1 ndi chomwe munthu ayenera kuona ali tsidya la msewu: MPIKISANO WA MAKWAYA. Nambala 2 ndi tsiku ndi malo. Nambala 3 ndi nthawi, ndalama yolowera ndi foni yofunsira. Zotsalazo ndi nambala 4, ndipo zambiri mwa izo zikhoza kutsala.

Apa ndi pomwe pamakhala nkhondo. Komiti ifuna mayina a makwaya onse, vesi, mlendo wolemekezeka ndi maudindo ake onse, kuphatikizapo chithunzi cha wapampando. Posita imadzaza ngati minibasi ya ku Chinkhoma nthawi ya fodya, kondakitala n'kumatibe malo alipo. Musakangane nawo. Afunseni mwaulemu kuti, "Bambo, pa zonsezi, chimene munthu akachiphonya sabwera ndi chiti?" Yankho lawo ndilo likhale lalikulu. Zinazo zilowe m'pulogalamu ya tsikulo.

Tsopano jambulani timabokosi ting'onoting'ono, kukula ngati bokosi la machesi, tisanu kapena kuposerapo. M'kabokosi kalikonse yesani kakonzedwe kena: mutu pamwamba, mutu pakati, chithunzi chodzaza theka lonse, kapena popanda chithunzi n'komwe. Musakongoletse. Kabokosi komwe kakuwerengeka kali kakang'ono choncho ndi komwe mukapange.

Chachinayi: sankhani chida, ikani kukula

Canva ndi yosavuta koma imadalira intaneti, ndiye imadya bandulo. PixelLab imagwira pa foni ya Android ngakhale netiweki kulibe, ndipo pa ntchito ya mawu ndi chithunzi chimodzi ndi yokwana. Ngati mumapeza kompyuta kusukulu kapena kwa achibale, GIMP, Inkscape ndi Krita ndi zaulere. Photoshop ndi Illustrator ndi zolipira. M'mashopu ambiri osindikiza mukapeza CorelDRAW, ndiye amene akuganiza zodzagwira ntchito kumeneko aiphunzire mwayi ukapezeka.

Kusiyana kumodzi muyenera kukudziwa. Chithunzi cha JPG kapena PNG chimapangidwa ndi timadontho, ma pixel, ndipo mukachikulitsa kwambiri chimasweka. Chopangidwa mu Inkscape, Illustrator kapena CorelDRAW ndi vector: kompyuta imasunga mizere ngati masamu, ndiye logo yomweyo ikwana pa baji ya yunifolomu ndi pa chipupa cha holo osasweka.

Musanalembe chilembo n'chimodzi chomwe, ikani kukula. Pepala la A4 ndi 210 mm m'lifupi ndi 297 mm m'litali. Kuti lisindikizike bwino pamafunika 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), kutanthauza ma pixel 2480 x 3508. Ya pa Status ya WhatsApp ikhale 1080 x 1920. Ziwirizi ndi ntchito ziwiri. Mukatenga ya pa Status n'kuikoka kuti ikwane pa A4, nkhope za oimba zifufuma.

Chachisanu: mangani pang'onopang'ono

Yambani ndi zakuda ndi zoyera zokha. Ikani mawu monga mwa manambala aja, nambala 1 ikule moonekeratu, osati mongoposa pang'ono. Mitundu ya zilembo isapitirire iwiri: wina wonenepa wa mutu, wina wosavuta wa zotsalazo. Zilembo zonga za pamanja zija zisungireni makadi a ukwati, ndipo musazilembe zonse m'zilembo zazikulu, siziwerengeka.

Mawu ayambire pa mzere umodzi, kaya onse kumanzere kaya onse pakati. Zogwirizana zikhale pamodzi: tsiku, nthawi ndi malo zisabalalike m'makona atatu. Ndipo malo opanda kanthu musawaope. Oyamba kumene amaona mpata ngati ngongole yoti aibweze ndi kanyenyezi kapena kaduwa, chonsecho mpatawo ndi umene umapangitsa mutu kuoneka.

Mtundu ubwere pomaliza. Umodzi waukulu, wina wothandizira, kuonjezera chakuda kapena choyera. Chikasu pa choyera sichioneka. Chofiira pa chobiriwira chimalasa m'maso, komanso alipo anthu, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi. Mukasowa poyambira, bwererani ku chitenje chija munalemba m'kope. Amene anachipanga anasankha kale mitundu yogwirizana.

Pa Chichewa pali msampha wake. Mitundu ina ya zilembo ilibe ŵ, ndiye mukalemba Malaŵi pamatuluka kabokosi kapena chilembo chosiyana ndi zinzake. Yesani kaye musanakondwere nazo. Za ku Google Fonts monga Montserrat ndi Open Sans zili nacho, ndipo ndi zaulere. Onaninso kankhodolero ka mu ng'oma ndi m'mawa, foni imakonda kukameza. Mukatha, wina awerenge mokweza. Wolemba saona zolakwa zake.

Za chithunzi, jambulani chanu. Kwaya yeniyeni ya kwanuko, mu yunifolomu yake, imakoka anthu kuposa alendo a pa Google omwe palibe akuwadziwa. Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, dzuwa lili kumbuyo kwanu, chifukwa la masana limasiya mithunzi yakuda m'maso. Pemphani chilolezo, makamaka ngati pali ana. Kumbukiraninso kuti chithunzi cha pa intaneti chili ndi mwini wake. Dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira zimenezi. Lamulo lomwelo lidzateteza ntchito yanu mawa.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani, kenako sindikizani

Onetsani positayo kwa mng'ono wanu kapena agogo, werengani mpaka zitatu, n'kuibisa. Afunseni kuti chikuchitika n'chiyani, liti, kuti. Akalephera, musawafotokozere, kakonzeni.

Foni imapanga mitundu ndi kuwala, njira ya RGB. Pulinta imasakaniza inki zinayi, njira ya CMYK. N'chifukwa chake buluu wowala wa pa foni amatuluka wozimirira papepala, ndipo zakuda zimaderatu. Sindikizani imodzi kaye. Komanso tisanamizane, ndalama za komiti zikachepa positayo ithera pa fotokope. Isandutseni yakuda ndi yoyera pa foni pomwepo muone ngati mawu akuonekabe. Ngati kumbuyo konse n'kwakuda, wa fotokope adandaula za inki ndipo pepala lituluka la mawangamawanga.

Mawu onse akhale sentimita imodzi kuchokera m'mphepete, poti pulinta wamba sifika kumapeto kwa pepala. Ngati ikupita ku makina aakulu komwe amadula mapepala, onjezerani 3 mm za mtundu wakumbuyo mbali zonse. Sungani ngati PDF, kapena PNG ngati pulogalamu yanu ilibe PDF. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati Document. Mukatumiza ngati chithunzi wamba, WhatsApp imachifinya, ndipo ma pixel munavutikira aja amathera panjira. Yoyeserayo ikatuluka, imateni pa mtengo, mubwerere m'mbuyo mapazi khumi.

Chachisanu ndi chiwiri: sungani zonse

Posita iliyonse yomwe mwamaliza ilowe mu foda imodzi, pamodzi ndi chithunzi cha timabokosi ta pensulo tija. Tsiku lina mukadzafuna malo pa shopu yosindikiza, kapena mukadzaganiza zopitiriza zaluso ku University of Malawi ku Zomba kapena ku MUST ku Thyolo, ntchito zimenezi zidzaonetsa m'mene mumaganizira. Ikaninso ku Google Drive, foni imabedwa ndipo memori khadi imafa osatsanzika.

Anthu akayamba kukulipirani, gwirizanani zinthu ziwiri musanayambe: mtengo, ndi kuti kusintha kwaulere ndi kangati. Theka alipiriretu pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndipo musafufute fayilo yotheka kusintha ija, ya mkati mwa Canva kapena PixelLab, ngakhale mwatumiza kale PDF. Komiti idzakuimbirani Lachinayi usiku kuti holo yatengedwa ndi a ukwati, mpikisano wasunthira Loweruka linalo.