Kompyuta ikayamba kuchedwa, yambani ndi fumbi

Anzanga a muno mu Lilongwe, musathamangire kwa okonza kompyuta ikangoyamba ulesi. Fumbi la m'chilimwe limatseka timabowo totulukira mpweya, fani n'kumalira ngati chigayo, ndipo makina akatentha amadzichepetsera okha liwiro. Izimitseni, muzule ku magetsi, mupukute timabowoto ndi kaburashi kofewa. Yanga ndinachotsamo fumbi lodzadza chikhatho, lofiira ngati la m'misewu ya ku Area 25. Laputopu musamaiike pa bulangeti, chonde, imabanika.

Kenako iyatseni. Ngati ndi ya Windows, dinani mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, ndipo pa zenera limene litseguke, pa gawo la Startup, muzimitse mapulogalamu amene amadzuka okha mukangoyatsa. Mavidiyo a ukwati amene adzadza mu diski asamutsireni pa flashi. Ngati RAM yanu (memori imene mapulogalamu amagwiritsa ntchito akamayenda) ndi 4GB, kuonjezera kufika 8GB kumasinthadi zinthu.