Momwe mungayezere mtundu wa pa chithunzi ndi manambala atatu

Mayi wina wogulitsa zitenje pa Kamuzu Road kuno ku Salima anandipeza mwezi watha nkhope itagwa. Anali atatumiza zitenje 12 ku Lilongwe, za yunifolomu ya pa chinkhoswe, koma zinabwerera pa minibasi patangotha masiku atatu. Eni ake akuti pa chithunzi cha pa WhatsApp anaona olenji, koma chawafika ndi chofiira.

"Achimwene, inu mumadziwa za makompyutazi," anatero. "Wanama ndani, ine kapena foni?"

Mkangano wa mtundu sutha mukamaweruza ndi maso okha. Ngakhale mawu athu amatisokoneza: tsamba la chimanga timati lobiriwira, nyanja ya ku Senga Bay masana timatinso yobiriwira, n'chifukwa chake tinachita kubwereka girini ndi buluu. Koma pali njira yoyezera mtundu ndi manambala atatu otsata momwe diso la munthu limaonera. Inachokera ku muyezo wa CIELAB womwe bungwe la CIE, loona za kuwala padziko lonse, linakhazikitsa mu 1976. Manambalawo ndi L, C ndi h.

L ndi kuwala. Chakuda bii ndi 0, choyera mbee ndi 100. C, yemwe pa kompyuta amalembedwa kuti chroma, ndi mphamvu ya mtundu. Chinthu chotuwa ngati phulusa chili pafupi ndi 0, chitenje chongotuluka kumene m'sitolo chili pamwamba, ndipo chikachapidwa kunyanja n'kuyanikidwa pamchenga miyezi ingapo chimasuluka, C n'kutsika. Wachitatuyo, h kapena hue, ndiye mtundu weniweniwo, ndipo amawerengedwa mozungulira kuyambira madigiri 0 mpaka 360. Pa 0 pali kufiira kopita ku pinki, pa 90 pali chikasu, pa 180 girini, pa 270 buluu. Chofiira chenicheni cha pa sikirini chimakhala cha m'ma 40, ndipo mukamakwera kulowera ku 90 mumadutsa mu olenji.

Wina afunsa kuti bwanji osangogwiritsa ntchito manambala a RGB kapena HSL, njira zina zolembera mtundu zomwe zili m'mapulogalamu ambiri a zithunzi. Amenewo ndi manambala a makina, si a diso. Pa HSL, chikasu chowala kwambiri ndi buluu wakuya zonse zimapatsidwa kuwala kwa 50 peresenti, ngati kuti n'zofanana. Yang'anani nokha: china chimathobwa m'maso, china chimachita mdima. Pa L, chikasucho ndi pafupifupi 97, buluuyo ndi cha m'ma 30, ndipo izi ndi zomwe diso limavomereza.

Tsopano ntchito yake.

Yambani ndi kujambula, chifukwa chithunzi chikalakwika apa manambala sangachipulumutse. Tengani chinthu chanu kunja m'mawa, pamthunzi wa khonde, osati padzuwa lenileni komanso osati pansi pa mtengo wa mango pomwe kuwala kumabwera kutadutsa m'masamba. Pukutani galasi la kamera, zimitsani fulashi ndi zokometsera zonse za mufoni. Pambali pa chinthucho ikani pepala loyera losalembedwa kuti lilowe nawo m'chithunzi. Pepala limeneli ndiye mboni yanu. Ngati mukuyerekeza zinthu ziwiri, tinene chitenje chakale ndi chatsopano, zigoneke limodzi m'chithunzi chimodzi. Foni imasintha yokha kuwala ndi mtundu nthawi iliyonse mukajambula, ndiye zithunzi ziwiri zosiyana n'zovuta kuziyerekeza ngakhale mutazijambula pamalo amodzi.

Kenako chisamutsireni pa kompyuta ndi chingwe. Mukatumiza pa WhatsApp, chitumizeni ngati Document kuti chisafinyidwe.

Chachitatu, tsegulani chithunzicho mu GIMP. Ndi pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi, mumangowononga bandulo poikopa kamodzi kokha, ndipo kuyambira pa GIMP 2.10 manambala athuwa alimo. Sankhani Color Picker, kachida kooneka ngati kodonthezera mankhwala m'maso. Mu Tool Options chongani Sample average n'kukweza Radius kufika pa 10 kapena 15. Ambiri amadumpha apa, n'kumadabwa kuti manambala akudumphadumpha. Nsalu ili ndi ulusi, timithunzi ndi tonyezimira, ndiye mukayeza kadontho kamodzi mutha kugwera pakati pa ulusi n'kupeza zabodza. Chongani Use info window, dinani pa chithunzi, ndipo m'kabokosi katulukeko sinthani Pixel kapena RGB kuti pakhale CIE LCh.

Musathamangire kuyeza chitenje. Yezani kaye pepala lija. Pepala loyera liyenera kupereka L wokwera, cha m'ma 90, ndi C wotsika kwambiri, wosatalikirana ndi 0. C akakwera, yang'anani h kuti akuuzeni chomwe chadetsa chithunzi: akakhala pafupi ndi 90 ndiye kuti kuwala kunali kwachikasu, akakhala pafupi ndi 270 ndiye kuti mthunzi unathira buluu. Mapepala ambiri a fotokope amathiridwa mankhwala owayeretsa omwe amawakokera ku buluu pang'ono, choncho kabuluu kochepa kasakudetseni nkhawa. Komanso C akakhala pansi penipeni, h musamukhulupirire, amangozungulira ngati wasokera. Phulusa lilibe mtundu woti n'kuuloza.

Apa ndi pomwe mlandu wa mayi aja unathera. Chithunzi chomwe anatumiza anachijambula madzulo m'nyumba, pansi pa babu lachikasu, chitenje chitayalidwa pa bedi. Munalibe pepala, koma pakona panaoneka pilo woyera, ndipo nditamuyeza C anali cha m'ma 18, h cha m'ma 85. Pilo anali atasanduka chikasu. Chitenje pa chithunzicho chinkapereka h wa m'ma 55. Titachijambulanso m'mawa pakhonde, h anatsika kufika m'ma 38. Anangogwira pakamwa. "Ndiye kuti babu lija ndi lomwe landidyera thiransipoti?"

Mboni ikavomereza, yezani chinthu chanu malo atatu kapena asanu, kupewa mopindika ndi monyezimira, n'kulemba manambalawo papepala kapena mu Excel. Ena amakhala ndi pulogalamu yongoonetsa L, a ndi b, pomwe a amayeza pakati pa girini ndi chofiira, b pakati pa buluu ndi chikasu. Palibe vuto. C mumamupeza pochulukitsa a ndi a, b ndi b, kuphatikiza ziwirizo n'kutenga square root. Mwachitsanzo a akakhala 30, b 40, C ndi 50, ndipo h amatuluka madigiri 53.

Phindu lenileni lili pa kuwerenga kusiyana, chifukwa manambala atatuwa amakuuzani matenda osiyana. Zinthu ziwiri zikasiyana L yekha, mtundu ndi womwewo, china changowala kapena kuda. Zikasiyana C, china chasuluka kapena foni yachikometsera mopyola. Zikasiyana h, pamenepo ndiye kuti ndi mitundu iwiri, ndipo telala asazisokere pa diresi limodzi. Kwa ine h ndiye woopsa pa malonda. Kasitomala amakhululuka nsalu ikabwera yoderako pang'ono, koma ofuna olenji sangalandire chofiira.

Ngati chithunzi chalakwika ndipo simungathe kujambulanso, pitani ku Colors, Levels, sankhani kachida kolozera chotuwa n'kudina pa chinthu chomwe mukudziwa kuti chilibe mtundu. Palinso Hue-Chroma pansi pa Colors pomwepo, pomwe mungasunthe h, C ndi L payekhapayekha. Ine pa zithunzi za malonda ndimangokonza kuwala komwe kunalakwika basi. Kukweza C kuti chitenje chiwale kuposa momwe chilili ndi kuitana minibasi ina yobweza katundu.

Opanga maposita a misonkhano, a mpira ndi a zikwati, L ndi wanu. Yezani L wa zilembo ndi L wa pansi pake. Zilembo zachikasu zili ndi L wa 97, pepala loyera 100, kusiyana kwa 3 kokha, n'chifukwa chake munthu wa pa kabaza amadutsa osawerenga kanthu. Chofiira chowala pa buluu wakuya chimaoneka chokongola pa kompyuta koma chimapweteka maso, poti ma L ake ndi 54 ndi 30. Ine ndimafuna kusiyana kwa 50 kapena kuposa ngati positayo ikawerengedwe kuchokera pamsewu.

Mukamafufuza pa intaneti mukumananso ndi OKLCH, yochokera ku Oklab yomwe Björn Ottosson anatulutsa mu 2020, ndipo opanga mawebusayiti amaikonda. Ganizo lake ndi lomwelo, koma manambala ake ndi ena: C wake amakhala kanambala kakang'ono ngati 0.15, ndipo madigiri a h sagwera pamodzi ndi a CIE LCh. Sankhani imodzi, musazisakanize m'kope limodzi.

Chomaliza ndi cha kosindikiza. Sikirini imawala yokha, pomwe inki imadalira kuwala kogwera pa pepala, ndiye buluu ndi girini okhala ndi C wokwera kwambiri amatuluka ofwifwa. Musanalipire makope 200, auzeni osindikiza atulutse kaye limodzi, mulijambule pakhonde pamodzi ndi pepala loyera, muliyeze.