Momwe mungachitire akaunti yobisa dzina ikamakuipitsirani mbiri pa intaneti

Tsamba lina la pa Facebook, losadziwika mwini wake, lalemba kuti munadya ndalama za banki mkhonde, ndipo abale ayamba kukuimbirani. Chala chimathamangira kuyankha kapena kudina Report. Dikirani kaye. Uthengawo ukachotsedwa musanausunge, umboni wanu wapita nawo limodzi.

Choncho yambani ndi kusunga umboni. Tengani sikirinishoti yoonetsa mawu onse, dzina la tsamba, tsiku, ndi ndemanga za anthu. Musaidule kapena kuilemba mizere yofiira, isiyeni momwe yatulukira. Sikirinishoti payokha ndi yosavuta kuitsutsa chifukwa aliyense angathe kuipanga, ndiye jambulaninso vidiyo ya pa sikirini: tsegulani tsambalo, tsikani mpaka pa uthengawo, muonetse linki yake. Koperani linki ya uthenga ndi ya akauntiyo padera, poti dzina la tsamba limasinthidwa usiku umodzi. Pa masamba a Facebook pali gawo la Page transparency loonetsa tsiku lomwe tsamba linatsegulidwa ndi mayina ake akale, lijambuleninso. Ngati ndi blog, isungeni pa Wayback Machine, webusaiti yosunga makope a masamba a pa intaneti. Pa WhatsApp gwiritsani ntchito Export chat, ndipo nambala ya wotumiza ioneke. Zonsezi zitumizeni ku imelo yanu, foni imabedwa.

Pezaninso anthu awiri kapena atatu amene anawerenga uthengawo n'kuzindikira kuti ukunena inuyo. Khothi limafuna kuona kuti mawuwo anafika kwa anthu ena, akuloza inu, ndipo akukutsitsani pamaso pa anthu. Ngati kasitomala wabweza oda kapena abwana akulemberani kalata chifukwa cha nkhaniyo, sungani, chifukwa ndi zomwe zimalemeretsa chipukuta misozi. Koma dzifunseni moona mtima: ngati zomwe alembazo ndi zoona, wolembayo ali ndi podzitetezera, ngakhale zikuwawa bwanji.

Mukatero ndiye chitani lipoti. Sankhani chifukwa choyenera, monga kuzunza munthu kapena akaunti yonamizira wina. Facebook siweruza kuti wanama ndani, n'chifukwa chake malipoti ambiri amabwerera ndi yankho loti palibe lamulo lathyoledwa. Ili ndi fomu yapadera ya nkhani zoipitsa mbiri, ndipo Google nayo ili ndi fomu yopempha kuchotsa zinthu pa zifukwa za malamulo. M'mafomuwa ikani linki yeniyeni ndi chiganizo chenicheni chabodzacho, osati madandaulo a masamba atatu.

Ku Malawi njira za malamulo zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya apolisi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu pa intaneti mu gawo 86, pomwe gawo 87 limakhudza wosokoneza mtendere wa mnzake mwadala komanso mobwerezabwereza, ndipo chilango cha gawo 87 ndi K1,000,000 ndi miyezi 12 kundende. Mawu oti mobwerezabwerezawo ndi ofunika: lembani mndandanda wa masiku onse amene anakulembani. Pitani ndi mapepala osindikiza, ndipo musachoke musanalembe nambala ya dandaulo lanu ndi dzina la wofufuza. Dziwaninso kuti mu 2025 khothi linagamula kuti gawo 200 la Penal Code, lomwe linkamangitsa anthu pa mlandu woipitsa mbiri, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Bodza lokha, popanda kuzunza kapena kuopseza, tsopano limapita njira yachiwiri, yokasuma nokha kudzera mwa loya kuti mulandire chipukuta misozi ndi chiletso. Ngati thumba laperewera, funsani ku Legal Aid Bureau.

Povuta ndi kupeza munthuyo. Kampani ya Meta, mwini wa Facebook ndi WhatsApp, siingakupatseni dzina inuyo pamanja. Pamafunika apolisi kapena lamulo la khothi, ndipo zimachedwa. Apolisi akapempha, Meta imasunga zokhudza akaunti kwa masiku 90 podikira zikalata, ndiye fulumirani. Pakaoneka nambala ya TNM kapena Airtel zinthu zimapepuka, chifukwa SIM iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso, ngakhale ochenjera amagwiritsa ntchito SIM ya munthu wina.

Mwina mukumuganizira kale, poti nkhaniyo inkadziwika ndi anthu atatu okha. Uzani loya kapena wofufuza. Mukamutchula poyera n'kupezeka kuti si iyeyo, wosumiridwa mukhala inu. Opani amene akukulonjezani kuti alowa mu akauntiyo mukawalipira. Kulowa mu akaunti ya wina popanda chilolezo ndi mlandu pa lamulo lomwelija la 2016. Ndipo wolembayo akati mumutumizire ndalama kuti achotse, musatumize. Sungani uthengawo ndi nambala yomwe wapereka, mupite nazo kupolisi tsiku lomwelo.