Momwe mungasandutsire chojambula cha m'kope kukhala katundu wa mu Second Life

Anthu ambiri odziwa kujambula ndi pensulo amathera pa nkhope za anzawo ndi za oimba, kope likadzaza n'kuliponya m'sutikesi. Komatu dzanja lomwelo lingathe kupanga mipando, zipewa, nyale ndi nyumba zimene anthu amagula m'maiko a pa kompyuta. Pano titenga Second Life, dziko limene kampani ya Linden Lab ya ku San Francisco inatsegula mu 2003 pansi pa utsogoleri wa Philip Rosedale. Pafupifupi chilichonse chimene mungaone mmenemo chinapangidwa ndi anthu olowamo, osati kampaniyo. Ndalama yake ndi Linden dollar, ndipo dola imodzi ya ku America imagula ma Linden pafupifupi 250. Mu 2006 Ailin Graef, wodziwika mmenemo ndi dzina loti Anshe Chung, analengeza kuti chuma chake cha mu Second Life chakwana madola 1 miliyoni. Iyeyo ankachita malonda a malo, ndiye inu musayambe ndi maloto amenewo. Tiyamba ndi mtondo ndi munsi wake.

Mtondo ndausankha dala. Ndi wozungulira, ulibe miyendo kapena mahinjesi, ndipo suvalidwa. Chovala chimafunika kuchilumikiza ku mafupa a avatar, chidole choimira munthu mmenemo, kuti chizipindika munthu akamayenda, ntchito imene imagwetsa ulesi oyamba kumene. Kuonjezera apo, opanga mipando ya sofa ndi ambirimbiri, pomwe wodziwa mmene mlomo wa mtondo wakale umaperepesekera mbali imene munsi umagunda ndi inu.

Choyamba: jambulani ngati mmisiri, osati ngati wokongoletsa

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Chojambula chokongola, chopendekera pang'ono, chokhala ndi mthunzi wake pansi, n'chabwino kupachika pakhoma, koma kompyuta sichiithandiza. Pakufunika zithunzi zitatu za chinthu chimodzi: chakutsogolo, chapambali ndi chapamwamba, zonse zoongoka, zopanda kuchepetsa mbali yakutali.

Khalani pansi kuti maso anu alingane ndi pakati pa mtondo. Tengani tepi muyeze kutalika kwake, kukula kwa pakamwa, kwa pakhosi pamene pamaning'a, ndi kwa tsinde. Mutenge kamtengo muyezenso kuya kwa dzenje, chifukwa ambiri amaiwala kuti mkati namonso mudzaoneka. Manambalawo alembeni pambali pa chojambulacho. Papepala lembani kaye mzere woima pakati ndi rula, kenako jambulani theka limodzi lokha mosamala. Theka linalo kompyuta idzadzipangira. Ngati mtondo ndi wa masentimita 60, ujambuleni masentimita 15 papepala, ndipo muyeso uliwonse muugawe ndi 4 chimodzimodzi. Kope la masamu la timabokosi limathandiza kwambiri kusiyana ndi pepala loyera.

Mukatha apo, tsegulani tsamba lina mujambule mmene mumakondera, pafupi kwambiri: mng'alu umene watsika kuchokera pamlomo, zipsera za kasemasema pakhosi, mbali yakuda pamene manja amagwira, gaga wotsalira m'timing'alu, tsinde lodyedwa ndi chinyontho. Tsamba limeneli lidzagwira ntchito popaka mtundu. Zonsezi simudzaziumba ayi, mudzazijambula pamwamba. Kusiyanitsa chimene chiumbidwe ndi chimene chingojambulidwa ndiye luso lenileni pa ntchitoyi, ndipo chisankhocho chichitike kope lili pamwendo, kompyuta isanayatsidwe. Lamulo langa ndi ili: chimene chikusintha maonekedwe a m'mphepete mwa chinthu mukachiyang'ana patali, chiumbeni, china chonse n'cha burashi.

Jambulani masambawo ndi foni masana pamthunzi, foni italunjika pepala bwinobwino. Ikapendekeka, mtondo udzatuluka wopotoka.

Chachiwiri: zida

Blender, pulogalamu youmbira zinthu pa kompyuta, ndi yaulere. Anaiyambitsa ndi Ton Roosendaal wa ku Netherlands, ndipo kuyambira 2002 aliyense amaitenga popanda kulipira. Krita kapena GIMP ndi zopakira mitundu, zaulerenso. Polowera mu Second Life mufunika viewer, pulogalamu yoonera dzikolo, kaya ya Linden Lab kapena Firestorm imene ambiri amakonda. Blender ndi Krita sizifuna intaneti mukaziika, choncho bandulo isungireni tsiku lokweza katundu. Mupezenso mausi ya kawilo pakati. Kuumba ndi kachala pa laputopu n'kudzizunza. Ndipo Ctrl+S, yosungira ntchito yanu, izikhala pachala, magetsi sachenjeza.

Chachitatu: kuumba

Mu Blender fufutani kabokosi kamene mumakapeza potsegula. Dinani 1 wa pa numpad (manambala a kumanja kwa kiyibodi) kuti muone kutsogolo, kenako Shift+A, Image, Reference, muike chithunzi chanu cha m'kope. Dinaninso Shift+A musankhe Mesh ndi Cylinder. Musanakhudze china chilichonse, yang'anani kabokosi kamene katuluka pansi kumanzere: pa Vertices pali 32. Tsitsani pafike 16, ngakhale 12.

Chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa. Chinthu chilichonse cha m'maiko amenewa chimapangidwa ndi tizidutswa ta makona atatu (tizititcha timakona), ndipo kompyuta ya aliyense amene wayandikira imayenera kutikoka pa intaneti ndi kutijambula tonse. Second Life imayeza kulemera kwa chinthu ndi nambala yotchedwa land impact, ndipo malo alionse amene munthu wagula kapena kuchita lendi ali ndi malire ake. Wogula akaona mtondo wa land impact 1 ndi wina wa 12, atenga woyambawo ngakhale wachiwiriwo utakongola chotani, chifukwa m'bwalo mwake akufunanso kuikamo nyumba ndi mitengo. Ku Roblox, dziko lina la pa kompyuta, nakonso chipewa kapena chikwama chovala avatar sichiloledwa kupitirira timakona 4,000. Kulikonse kumene mungapite, kupepuka ndiye mtengo wa katundu wanu.

Dinani Tab kuti mulowe mu Edit Mode. Ndi Ctrl+R dulani mizere yozungulira pamalo pamene chojambula chanu chikusintha: pansi pa mlomo, pamimba, pakhosi, pamwamba pa tsinde. Sankhani mzere uliwonse, S kuukulitsa kapena kuuchepetsa, G ndi Z kuukweza kapena kuutsitsa, mpaka m'mphepete mwake mugwirizane ndi mzere wa pensulo. Dzenje limapangidwa chonchi: sankhani nkhope yapamwamba, I kuti mupange mlomo, E kuti muikankhire pansi, S kuti pansi pake paning'e. Mizere 8 kapena 10 ikwana, ndipo mtondo wonse sungapitirire timakona 400. Bwererani ku Object Mode, dinani kumanja musankhe Shade Smooth, ndipo mbali 16 zija zioneka zosalala ngati zosemedwa ndi dzanja. Munsi ndi cylinder ina ya mbali 8, yonenepa kumapeto.

Tsopano ulakwitseni pang'ono. Mtondo wolingana mbali zonse umaoneka wa pulasitiki. Kokani timadontho tiwiri titatu ta pamlomo titsike, mimba ipendekere pang'ono mbali imodzi.

Pa kukula, mita imodzi ya mu Blender ndi mita imodzi ya mu Second Life. Koma ma avatar ambiri mmenemo ndi aatali kuposa anthu enieni, ena kufika mamita 2, ndipo kamera imakhala kumbuyo chapamwamba. Chinthu chamuyeso weniweni chimaoneka ngati cha ana. Onjezerani pang'ono, kenako Ctrl+A musankhe All Transforms kuti muyesowo ukhazikike.

Chachinayi: kusenda ndi kupaka

Chithunzi ndi chafulati, mtondo ndi wozungulira, ndiye pamafunika kuuyala. Zili ngati telala akamasula malaya akale m'misoko kuti adulire nsalu yatsopano. Mu Edit Mode sankhani mzere umodzi woima kuchokera pamlomo mpaka pansi, mbali imene idzakhale kumbuyo, ndiponso mzere wozungulira mlomo ndi wozungulira tsinde. Dinani kumanja, Mark Seam. Sankhani zonse ndi A, kenako U ndi Unwrap. Mu UV Editor muona zidutswa zitayalidwa. Kulitsani chidutswa chakunja chifukwa ndicho chimaonedwa kwambiri. Cha pansi pa tsinde chichepetseni ndithu, palibe adzachione. Munsi nawo ulowe pa chithunzi chomwecho. Tulutsani mapuwo kudzera pa UV, Export UV Layout, muwatsegule mu Krita.

Apa wojambula wafika kwawo. Chithunzi chikhale cha ma pixel 512 kwa 512. Manambala amene amagwira bwino ndi 256, 512 ndi 1024, koma 1024 pa kanthu kakang'ono ndi kuononga: imadya malo kanayi kuposa 512 ndipo imachedwa kutseguka, wogula n'kumangoona chinthu chotuwa. Mapu aja akhale pa layer yapamwamba, inu muzipaka pansi pake, ndipo mtundu uzipitirira pang'ono m'mphepete mwa chidutswa chilichonse kuti msoko usadzaoneke. Yambani ndi mtundu wa mtengo, kenako mizere yake yotsika, kenako zonse za patsamba lachiwiri lija. Mkati mwa dzenje muderetse, pamlomo muwalitse pamene paperepeseka. Musajambule mthunzi wa dzuwa lochokera mbali imodzi, chifukwa wogula adzautembenuza mtondowo mmene akufunira, ndipo dzuwa la mmenemo limayenda. Mukhozanso kujambula mizere ya mtengo ndi pensulo papepala, n'kuiika pa layer ya Multiply. Katundu wotero amaoneka kuti wapangidwa ndi munthu.

Chenjezo limodzi. Musatenge chithunzi pa Google n'kuchimata, ndipo musajambule chitenje cha m'sitolo n'kuchigulitsa ngati chanu. Maluwa ake ali ndi mwini. Zizindikiro za makampani ndi matimu a mpira n'chimodzimodzi. Linden Lab imachotsa katundu wotero mwini akadandaula. Za zilombo za Gule Wamkulu, ineyo ndingati zisiyeni. Si zonse zimene timatha kujambula zili zathu zogulitsa.

Chachisanu: mitondo inayi, osati umodzi

Second Life imasintha chinthu malinga ndi kutalikira kwa woonerayo. Pali magawo anayi: High, Medium, Low ndi Lowest. Viewer ikhoza kudzipangira atatu enawo, koma nthawi zambiri imawaphwanya, ndipo munthu akabwerera m'mbuyo pang'ono mtondo umasanduka kansanza kamakona atatu. Ena amatsitsa dala magawo apansiwo kuti land impact ichepe, wogula n'kudzazindikira atalipira kale. Dzina limaonongeka choncho.

Pangani nokha. Koperani mtondo ndi Shift+D, muchotse mzere woima umodzi pa iwiri iliyonse, pakhale mbali 8. Wachitatu ukhale wa mbali 6 wopanda dzenje lakuya. Wachinayi mbali 4 zokha. Pochotsa mizere gwiritsani ntchito Dissolve Edges kuti mapu a chithunzi asasokonekere. Pomaliza pangani kabokosi wamba kokwana mtondowo. Kameneko ndi ka physics, kamene kamaletsa avatar kudutsa pakati pa chinthu. Chilichonse chitulutseni pachokha ngati fayilo ya .dae. Ngati Blender yanu ndi yatsopano kwambiri ndipo mulibe .dae, ma viewer atsopano amalandira glTF.

Chachisanu ndi chimodzi: kukweza ndi kugulitsa

Akaunti ndi yaulere, koma kuti akuloleni kukweza mesh, kutanthauza chinthu choumbidwa ngati mtondo wanuwu, mwayi umene unayamba mu 2011, muyenera kulembetsa njira yolipirira ndi kuvomereza malamulo okhudza umwini wa zinthu. Musathamangire kulipira. Pali dziko loyeserera lotchedwa Aditi, kumene mumakweza zinthu ndi ndalama zongoyerekeza. Kumeneko pitani pa Build, Upload, Model, muike mafayilo anayi aja pamalo pawo ndi kabokosi ka physics, dinani Calculate weights & fee muone land impact. Ikani mtondo pansi, muumate chithunzi chake, muime pafupi nawo, muuzungulire, kenako mubwerere m'mbuyo pang'onopang'ono mukuuyang'ana. Ukadumpha maonekedwe moonekera, bwererani ku Blender. Zikakhala bwino, kwezani ku dziko lenileni. Chithunzi cha 512 ndi L$10, ndipo mtengo wokwezera mesh umatengera kulemera kwake.

Musanaike pa Second Life Marketplace, msika wa pa intaneti wa dzikoli, sankhani zilolezo zitatu: Copy, Modify ndi Transfer. Pa ziwiya za panyumba ambiri amapereka Copy ndi Modify n'kutseka Transfer, kuti wogula athe kuika mitondo ingapo ndi kusintha kukula kwake koma asagawire ena. Mukatsegula zonse zitatu, munthu mmodzi akhoza kugula kamodzi n'kugawira dziko lonse. Yesani zilolezozo potumiza katunduyo ku akaunti ina muone mmene wafikira.

Pa chithunzi chotsatsira lembani land impact ndi zilolezo, ndipo mafotokozedwe akhale m'Chingerezi chifukwa ogula ambiri amafufuza m'chinenero chimenecho. Kampani imadula 10 peresenti pa chilichonse chogulitsidwa pa Marketplace. Kutulutsa ndalama kumafuna kusintha ma Linden kukhala madola, kutsimikizira kuti ndinu ndani ndi chiphaso, ndiponso akaunti yolandirira monga PayPal, imene m'maiko ena imalola kutumiza kokha osati kulandira. Zimenezi fufuzani musanayambe kuwerengera phindu. Poyamba, ma Linden amene mwapeza azingolipirira kukweza katundu wotsatira: lichero, mtsuko, mbaula ndi mphasa, kuti mtondo uja uzigulitsidwa pamodzi ndi khitchini yake yonse.