Mmene ndimadyera ndikapita ku msonkhano kuhotela

Ntchito yanga imanditengera ku misonkhano ya kunyanja, pena ku Mangochi, pena ku Senga Bay ku Salima, ndipo timakhalako masiku anayi kapena asanu. Kwathu ndimamwa tiyi ndi mbatata m'mawa, nsima masana, nsima madzulo, basi. Koma kuhotela chakudya chimabwera kasanu patsiku. M'mawa mazira, soseji ndi chipisi. 10 koloko tiyi ndi masamusa. Masana chambo, nkhuku ndi nyama ya ng'ombe zitandandalikidwa pamzere. 3 koloko tiyi wina ndi makeke. Madzulo mzere womwe uja. Ulendo wina ndinabwerako thalauza likundithina, chilungulira chikundisowetsa tulo, ndipo atandiyeza kuchipatala BP inali itakwera. Sindifuna kuti mnzanga wina zimuchitikire.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi ichi: musatenge mbale musanaone zonse. Yendani kaye manjamanja kuchokera poyambira mpaka pothera, muone zimene aphika, mugamule mumtima kuti lero ndidya chakuti. Mukayamba ndi mbale m'manja, chivindikiro chilichonse chimene wophika akuvundukula chimakutumani kuti muikeko pang'ono, ndipo pofika kumapeto mpunga wakwera pa chipisi, nkhuku pa chambo, msuzi ukudonthera pa chala. Ine ndimayamba ndi masamba, kaya ndi nkhwani, mpiru kapena kabichi, mpaka theka la mbale. Kenako mtanda umodzi wa nsima ndi ndiwo yankhuli imodzi. Ndikatenga nsima, mpunga ndi chipisi ndimazisiya. Chambo lero, nkhuku mawa, pakuti mawa idzakhalaponso.

Khalani kutali ndi mapoto, muwafulatire. Idyani pang'onopang'ono mukucheza, chifukwa thupi limatenga mphindi pafupifupi 20 kuti lizindikire kuti lakhuta. Nkhuli ikakuitanani kuti mubwerere, imwani madzi, mudikire kaye.

Zoziziritsa kukhosi n'zimene zinkandinamiza. Botolo limodzi la Coca-Cola la 300ml lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8, ndipo ndi kutentha kwa ku Mangochi mu Okutobala munthu umatha atatu osazindikira. Tsopano ndimapempha madzi. Pa tiyi wa 10 koloko ndimamwa tiyi yekha kapena ndi nthochi, ndipo wa 3 koloko ndimangotuluka kukawongola miyendo.

Chovuta kuposa zonse si chakudya ayi, koma anzako. "Idyani achimwene, zalipiridwa kale izi!" Amanena mwachikondi, ndipo ndimawamvetsa. Ambirife tinakula tikulimbirana mutu wa nkhuku, ena tinagonapo ndi njala mu 2002, choncho kusiya nyama yaulere kumaoneka ngati kunyoza mwayi. Musakangane nawo kapena kuwalalikira. Ine ndimangoti, "Zikomo bambo, ndakhuta," ndipo akakakamira ndimanena zoona, kuti a dokotala anandichenjeza za BP. Apo aliyense amangoti, "Pepani, dzisamaleni."

Madzulo ndimadya mofulumira, cha m'ma 7, zopepuka. Ndikatero ndimayenda pamchenga m'mbali mwa nyanja kwa theka la ola, ndikuonerera nyali za asodzi a usipa zikuyaka kutali pamadzi, kenako ndimaimbira foni mayi a kunyumba kuwafunsa kuti ana adyera chiyani.